Pamene Kusonkha Kudasanduka Kulanda

Pamudzi pakagwa maliro, palibe amene amadikira kuuzidwa chochita. Amayi amatuluka m'nyumba zawo ndi malichero a ufa, anyamata amapita kukadula nkhuni, ndipo amene ali ndi kandalama amakaponya m'mbale imene yaikidwa pamaso pa anyakwawa. Nyumba yosauka imapereka pang'ono, yopeza bwino imapereka zambiri, ndipo nkhalamba yodwala saifunsa kanthu. Zimenezi timazitcha kusonkha. Ndi mawu omwewo amene timanena posonkha moto, pamene tikankhira zikuni pamodzi kuti lawi lisazime. M'mawu amenewa ndimo mudabadwira dzina lakuti msonkho.

Koma ife amene tidakulira pafupi ndi agogo tidamvanso dzina lomweli likutchulidwa mwamantha. Ankatisimbira za masiku amene mphekesera ikangomveka kuti amesenjala a boma ali m'njira, amuna a m'mudzi ankathawira kuphiri nakagona m'mapanga, kusiya akazi ndi ana okha pakhomo. Nanga zidatheka bwanji kuti dzina lobadwira m'chikondi cha pamudzi lisanduke dzina lothamangitsa anthu m'nyumba zawo? Funso limeneli si la mbiri yakale yokha ayi. M'kati mwake muli funso lina limene anthu anzeru akhala akulimbana nalo kuyambira kalekale: boma likatenga gawo la thukuta la munthu, kodi limasiyana pati ndi wachifwamba amene amamulanda panjira? Tiyeni tilisinkhesinkhe funsoli potsata mbiri ya msonkho wa nyumba m'dziko lathu lino, pakuti mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti chimene chimayeretsa msonkho si mphamvu ya woutolera, koma malo amene wokhomayo wapatsidwa pamoto umene akusonkhawo.

Boma lisanabwere

Tisaganize kuti Azungu ndiwo adayambitsa zopereka kwa olamulira. Makolo athu ankatula mitulo kwa mafumu awo. M'masiku a ufumu wa Amaravi, Kalonga ankalandira minyanga ya njovu, makasu, mchere ndi chakudya kuchokera kwa mafumu a pansi pake. Mlenje akapha nyama yaikulu ankapereka gawo kwa mwini dziko, ndipo anthu ankapita kukathandiza kulima munda wa mfumu masiku ena a pachaka. Kuthandizana kotere pa ntchito ndiko kunkatchedwa thangata. Tanthauzo lake lidali lodziwika kwa aliyense: nkhokwe ya mfumu idali nkhokwe ya mudzi. Mlendo akafika usiku ankadya kwa mfumu, njala ikavuta amasiye ankathawira komweko, ndipo mfumu yodya yokha inkadzuka tsiku lina n'kupeza anthu ake atasamuka. Kupatsa kudalidi kuika.

Komabe tisakometse zakale mopitirira muyeso. M'zaka za m'ma 1800 dziko lino lidali pachipwirikiti. Midzi yambiri imene idagonja kwa ankhondo a Angoni inkapereka chakudya ndi anyamata ake kuti isatenthedwe. Amalonda a akapolo monga Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga, pamodzi ndi mafumu ena a kum'mwera kwa nyanja, adalemera pogulitsa anthu. Choncho makolo athu ankadziwa kale kusiyana kwa zopereka ziwiri: china chimene munthu amapereka chifukwa ndi mwana wa pamudzi, ndi china chimene amapereka chifukwa mkondo uli pakhosi.

Masheleni atatu

M'mwezi wa Meyi 1891 boma la Britain lidalengeza kuti dziko la kumadzulo ndi kum'mwera kwa nyanja lili pansi pa chitetezo chake, ndipo Harry Johnston ndiye adatumidwa kudzakhazikitsa boma ku Zomba. Dzikoli lidatchedwa British Central Africa kuyambira 1893, ndipo mu 1907 lidalandira dzina lakuti Nyasaland. Johnston adafika ndi ulamuliro waukulu, koma thumba lake lidali lopepuka. Boma la ku London silinkafuna kutaya ndalama zambiri kuno, kotero kuti pa zaka zoyambirira iye ankadalira mapaundi 10,000 pachaka ochokera ku kampani ya Cecil Rhodes. Ndalama zimenezi sizikadakwanira kulipira asilikali amene adawatenga ku India, kumanga maboma ndi kulambula misewu. Motero maso ake adatembenukira kwa eni dziko.

Poyamba adalamula kuti mwamuna aliyense wamkulu azikhoma masheleni 6 pachaka m'madera a kum'mwera amene boma lidali litawagwira. Amishoni a ku Blantyre adadandaula kuti katunduyo adali wolemera kwambiri, ndipo pofika 1894 msonkho udakhazikika pa masheleni 3 pa nyumba iliyonse. M'makutu mwathu masheleni 3 akumveka ngati kanthu kochepa, koma masiku amenewo adali pafupifupi malipiro a mwezi wathunthu a munthu wogwira ntchito pamunda wa Mzungu. Pang'onopang'ono msonkho udafalikira cha kumpoto. Angoni a M'mbelwa adalowa pansi pa boma mu 1904, ndipo posakhalitsa nawonso adayamba kukhoma.

Johnston adali ndi yankho kwa omutsutsa, ndipo n'koyenera kuti tilimve mwachilungamo. Maganizo ake adali akuti anthu amene akutetezedwa ayenera kuthandiza kulipira chitetezocho. Ndipo n'zoona kuti pakati pa 1891 ndi 1895 boma lidathyola mphamvu za ogulitsa akapolo. Mlozi adagonjetsedwa nanyongedwa mu Disembala 1895. Mayi amene kale ankaopa kupita yekha kumadzi adayamba kupita mtima uli m'malo. Mtendere ndi chinthu cha mtengo wapatali, ndipo sumera wokha ngati bowa. Apa pali choonadi chimene sitingachikane: palibe dziko lingaime popanda msonkho, pakuti pali zinthu zina, monga chitetezo, mabwalo oweruza milandu, misewu ndi milatho, zimene munthu sangadzipangire yekha. Mutu umodzi susenza denga. Nkhani ikadathera pamenepa, sitikadakhala ndi mlandu ndi msonkho wa nyumba.

Njala yochita kupanga

Koma sidathere pamenepo. Chinsinsi cha msonkhowu chidali pa mtundu wa chinthu chimene boma linkafuna. M'malo ena poyamba linkalandira chimanga, mpunga kapena ziweto, koma posakhalitsa lidaumirira ndalama. Tsono munthu wa kumudzi, amene nkhokwe yake idali yodzaza ndipo sankasowa kanthu, ndalamayo akadaitenga kuti? Ndalama idali m'manja mwa boma, amishoni, amalonda ndi eni minda ya khofi, imene pambuyo pake idasanduka ya thonje, fodya ndi tiyi. Azungu a mindawa adali atatenga malo aakulu m'mapiri a Shire, ndipo Johnston adawatsimikizira malowo ndi zikalata zaumwini. Chimene ankasowa chidali manja olima. Koma munthu wokhuta sapita kukalima munda wa mnzake. Msonkho ndiwo udabwera kudzamupangira njala imene adalibe.

Izi si zongoganizira ayi, pakuti lamulo lenilenilo lidaulula. Zaka za m'ma 1900 zitangoyamba, msonkho udakwezedwa kufika pa masheleni 6, koma munthu amene adaonetsa chikalata chakuti wagwira ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi ankakhoma masheleni 3 okha. Taonani tsono, owerenga okondedwa: anthu awiri a mudzi umodzi, nyumba zofanana, chitetezo chimodzimodzi. Wina walima munda wake mwakhama chaka chonse, wina wakalima wa Mzungu mwezi umodzi, ndipo woyambayo akhoma mowirikiza kawiri. Msonkho wotere sulinso mtengo wa chitetezo, koma chindapusa cholanga munthu chifukwa chodzigwirira yekha ntchito. Nzeru yomweyi idaonekanso ku Cape mu 1894, pamene Rhodes adaika m'lamulo la Glen Grey msonkho wa masheleni 10 pa amuna amene sadatuluke m'dera lawo kukagwira ntchito.

Paminda ikuluikulu mawu akuti thangata nawonso adapindika. Anthu okhala pamalo a Mzungu, ambiri mwa iwo Alomwe amene adathawa nkhanza ndi njala ku Mozambique, ankagwira ntchito mwezi umodzi wolipirira malo ndi mwezi wina wa msonkho, umene mwini munda ankawakhomera kuboma. Koma wowerenga masiku adali mwini munda yemweyo ndi akapitawo ake, ndipo m'malo ena miyezi iwiriyo inkatalika kufika inayi kapena kupitirira, makamaka m'dzinja pamene munthu amafunika m'munda mwake. Amuna ambiri a m'madera opanda ntchito adauyamba ulendo wapansi kunka ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Ena adabwerako ndi masheleni, ena adasanduka machona. Olephera kukhoma ankawatenthera nyumba, ndipo nthawi zina akazi awo ankagwidwa n'kusungidwa kuboma kufikira mwamuna atabwera ndi ndalama.

Muyeso wa anthu anzeru

Kuti tiweruze bwino mbiri imeneyi tifunika muyeso, ndipo muyesowo udalipo kale Johnston asanabadwe. Augustine Woyera, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Afrika amene adamwalira mu 430, adasimba m'buku lake la Mzinda wa Mulungu za wachifwamba wa panyanja amene adagwidwa n'kupita naye kwa mfumu Alexander. Atafunsidwa chifukwa chake ankasautsa anthu, wachifwambayo adayankha kuti ntchito yake ndi ya mfumuyo idali imodzi, kungoti iye adali ndi kangalawa kamodzi pamene mfumu idali ndi zombo zambiri. Augustine adavomereza kuti munthuyo adalasa. Kukula kwa gulu, yunifolomu ndi chidindo sizisandutsa kulanda kukhala ulamuliro. Chilungamo chokha ndicho chimatero.

Patapita zaka zoposa 800, Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adalongosola chilungamo chimenechi. Iye adaphunzitsa kuti lamulo limamanga chikumbumtima cha munthu likakwaniritsa zinthu zitatu. Cholinga chake chikhale ubwino wa anthu onse, osati phindu la wolamula. Woliika akhale ndi udindo woyenera, ndipo asaupitirire. Katundu amene lamulolo likusenzetsa anthu agawidwe molingana ndi mphamvu zawo. Adaonjezanso kuti wolamulira akatenga zofunika posunga ubwino wa onse sakuba, ngakhale atachita kukakamiza, koma akatenga mopitirira chilungamo ndi wolanda monga wachifwamba aliyense, ndipo ayenera kubweza. Tiyeni tsono tiuike msonkho wa nyumba pa miyeso itatu imeneyi.

Muyeso woyamba ndi cholinga. Msonkho wa nyumba udali umodzi mwa mitsinje ikuluikulu ya chuma cha boma, koma madzi ake ankayenderera kwina. Gawo lalikulu linkathera pa malipiro a akuluakulu a boma, asilikali ndi apolisi, ndi pa njira zotulutsira mbewu za eni minda. Njanji ya Trans-Zambezia, imene idatsegulidwa mu 1922, idali m'dziko la Mozambique, koma boma la Nyasaland ndilo lidaimira chikole pa ngongole yake. Pamene izi zinkachitika, maphunziro a ana a okhoma msonkho adasiyidwa m'manja mwa amishoni. Dipatimenti ya maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, patatha zaka 35 chiyambire boma, ndipo masukulu oyamba a sekondale adatsegulidwa ku Blantyre mu 1940 ndi ku Zomba mu 1942. Munthu adasonkha nkhuni zaka pafupifupi 50 asanaone mwana wake akuothako moto umenewo.

Muyeso wachiwiri ndi udindo wa woika msonkho, ndipo apa Angerezi adatsutsidwa ndi mbiri yawo yomwe. Mu 1215 nduna za ku England zidakakamiza mfumu John kuvomera m'chikalata cha Magna Carta kuti sidzaika zopereka zapadera popanda upo wa akuluakulu a ufumu. Mu 1689 nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhazikitsa kuti mfumu ikatolera ndalama popanda chilolezo cha nyumbayo yaswa lamulo. Nthawi yomweyo John Locke adaphunzitsa kuti ngakhale aliyense ayenera kuthandiza kulipira boma limene likumuteteza, zimenezo zichitike anthu atavomera, okha kapena kudzera mwa owaimira, pakuti chinthu chimene wina angathe kukulanda nthawi iliyonse osakufunsa si chako konse. Anthu a ku America adachoka mu ulamuliro wa Britain mu 1776 mkangano utayambira pa nkhani yomweyi. Koma kuno ku Nyasaland, bungwe lopanga malamulo litakhazikitsidwa mu 1907, mudalibe Mwafrika ndi mmodzi yemwe. Mmishoni wachizungu ndiye ankati akuwalankhulira. Aafrika oyamba adalowamo mu 1949, ndipo nawonso adali ochita kuikidwa ndi bwanamkubwa. Chimene Mngerezi ankachitcha ukapolo kwawo, kuno adachitcha chitukuko.

Muyeso wachitatu ndi kagawidwe ka katundu. Adam Smith, katswiri wa zachuma wa ku Scotland, adalemba mu 1776 kuti msonkho wabwino umayenderana ndi kapezedwe ka munthu, umakhala wodziwika bwino kuchuluka kwake ndi nthawi yake, umatoleredwa m'njira yosasautsa wokhomayo, ndipo suononga zambiri kuposa zimene umabweretsa. Msonkho wa nyumba unkawerenga madenga, osati mphamvu za okhalamo. Nyumba ya mwini ng'ombe zambiri ndi nyumba ya munthu wopanda ngakhale nkhuku zinkakhoma chimodzimodzi. Ndipo kutentha nyumba ya munthu chifukwa cha masheleni 3 n'chimodzimodzi kudula mtengo kuti uthyole bango limodzi. N'chinthu chochititsa chidwi kuti m'mwezi womwewo wa Meyi 1891, pamene dziko lino linkalowa m'manja mwa Britain, Papa Leo XIII adatulutsa kalata ya Rerum Novarum, m'mene adachenjeza kuti boma limachita nkhanza likamadya chuma cha anthu mopitirira muyeso podzibisa m'dzina la msonkho. Iye ankaganizira za antchito a ku Ulaya, koma chenjezo lake lidakwanira bwino lomwe m'mapiri a Shire.

Mayankho a makolo athu

Makolo athu sadawerenge Aquinas kapena Locke, koma muyesowo adali nawo mumtima, pakuti ndi muyeso womwe uja wa pamaliro. Ena adawoloka malire, ena ankabisala, ena adakana poyera. Inkosi Gomani ya Angoni a ku Ntcheu, imene sidakondwere kuona anthu ake akukhoma msonkho ndi kukagwira ntchito kwa Azungu, idaphedwa ndi asilikali a boma mu 1896. Ndipo si kuno kokha. Ku Sierra Leone msonkho wa nyumba udabutsa nkhondo ya Bai Bureh mu 1898, ndipo ku Natal msonkho wa paundi imodzi pa mwamuna aliyense udabutsa nkhondo ya Bambatha mu 1906. Kuno kwathu, mu 1908 ndi 1909, Elliot Kamwana adabatiza anthu pafupifupi 10,000 pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay, akulalika kuti mu 1914 kudzafika ufumu watsopano umene udzathetse msonkho. Boma lidamutulutsa m'dziko mu 1909. Tingatsutse chiphunzitso chake, koma tiyenera kudzifunsa kuti msonkho udali utawawa motani kuti anthu ochuluka chotere aziona kutha kwake ngati chizindikiro cha ufumu wa kumwamba.

Yankho lodziwika koposa lidachokera kwa mbusa John Chilembwe wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Iye adapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, adaphunzira ku Lynchburg, nabwerako mu 1900. Mishoni yake idali pafupi ndi minda ya A. L. Bruce ya ku Magomero, kumene thangata lidali lowawa kwambiri, ndipo ambiri mwa akhristu ake adali anthu a pamindayo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, Aafrika ataphedwa pa nkhondo ya ku Karonga mu Seputembala chaka chomwecho, Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala. M'kalatamo adafunsa chifukwa chake anthu osauka, amene nthawi ya mtendere sawerengedwa, akuitanidwa kukafera nkhondo imene sidali yawo. Boma lidaletsa kalatayo kufalitsidwa. Tikaisinkhasinkha, idali kalata ya msonkho ndithu, pakuti mwazi ndiwo msonkho wolemera kuposa yonse, ndipo funso lake lidali lomwe lija: kodi amene mukumuitana kudzasonkha, ali ndi malo pamotopo?

Pa 23 Januwale 1915 otsatira ake adaukira. Azungu atatu adaphedwa, mmodzi wa iwo William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya ku Magomero, ndipo patapita masiku ochepa mishoni ya Nguludi idatenthedwa. Pa 3 Febuluwale Chilembwe adaomberedwa, tchalitchi lake lidagwetsedwa, ndipo anthu ake makumi angapo adaphedwa ndi boma. Sitikuyamikira kukhetsa mwazi, ndipo mwazi umene udakhetsedwa mbali zonse ziwiri udali wa anthu olengedwa m'chifaniziro chimodzi. Koma tiyenera kuvomereza kuti boma limene lidatseka khomo la mawu lidali ndi mbali yake pa kutseguka kwa khomo la mikondo. Bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa pambuyo pake lidamva umboni wambiri wa nkhanza za paminda ya Bruce, komabe kusintha kudabwera mochedwa. Lamulo lija lochepetsera msonkho ogwira ntchito kwa Azungu lidathetsedwa mu 1921, pamene thangata lidapitirira kufikira masiku oyandikira ufulu wodzilamulira.

Padalinso njira yachitatu, imene siitchulidwa kawirikawiri. Kuyambira 1912, pamene bungwe la North Nyasa Native Association lidakhazikitsidwa, aphunzitsi, makalaliki ndi abusa monga Levi Mumba adayamba kulembera boma madandaulo. Zimene ankapempha kwambiri zidali masukulu, zipatala, misewu ndi mpando m'nyumba yopanga malamulo. Mabungwe amenewa ndiwo adabala Nyasaland African Congress mu 1944, ndipo Mumba adali mtsogoleri wake woyamba. Anthu amenewa adazindikira kuti mankhwala a msonkho woipa si kutha kwa msonkho ayi, koma kubwezera wokhoma pamalo pake monga mwini mudzi.

Mlandu uli kwa ife

Pa 6 Julayi 1964 dziko lino lidalandira ufulu, ndipo wotolera msonkho adasanduka mwana wa pamudzi pomwe. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 amanena kuti palibe msonkho ungaikidwe popanda chilolezo cha lamulo, ndipo malamulowo amapangidwa ndi aphungu amene timasankha ife eni. Chimene Mumba ndi anzake ankapempha tili nacho m'manja. Koma tisadzinamize kuti khungu la wotolera ndilo limayeretsa msonkho. Miyeso itatu ija sidapite ndi Azungu.

Mu 2013, pamene zidaululika kuti mabiliyoni a makwacha adabedwa ku Capital Hill pa mlandu umene udatchedwa Cashgate, zimene zidabedwazo sizidali za boma monga chinthu chakutali. Zidali mankhwala a m'chipatala cha kumudzi, choko cha mphunzitsi ndi mlatho umene sudamangidwe. Wogwira ntchito m'boma amene adya ndalama za msonkho wabwezeretsa anthu ake m'masiku a amesenjala, pakuti wasandutsa chopereka chawo kukhala cholandidwa. Momwemonso opanga malamulo ayenera kukumbukira kuti msonkho wa pa katundu wogula m'sitolo suyang'ana nkhope: mayi wogulitsa tomato ndi bwana wa galimoto zitatu amakhoma chimodzimodzi pa chinthu chimodzi, monga madenga aja a masiku a Johnston. Ndipo mayi yemweyo akamadula chiphaso cha pamsika m'mawa uliwonse, ali ndi ufulu wofunsa kumene kuli madzi ndi chimbudzi cha pamsikapo.

Komanso lupanga limeneli ndi lakuthwa konsekonse. Agogo athu ankathawira kuphiri pozemba msonkho, ndipo sitingawaimbe mlandu. Koma chizolowezi chozemba chidatsala m'mwazi mwathu ngakhale chifukwa chake chidatha, kotero kuti ambiri timaonabe boma ngati mlendo wodzatilanda, ndipo womunamiza timamuyesa wochenjera. Wamalonda amene alowetsa katundu usiku pachipata, kapena wolemera amene abisa phindu lake, sakuchenjerera Johnston ayi. Akudya nsima ya pamaliro osaponya kanthu m'mbale, ndipo gawo limene wazembalo lidzagwera wosauka amene alibe njira yozembera. Kumene msonkho waikidwa mwalamulo ndi pa ubwino wa onse, kukhoma ndi ngongole ya chikumbumtima, osati ya mantha.

Mbiri ya masheleni atatu ikutisiyira ntchito ziwiri zimene siziyenda payekhapayekha: kukhoma mokhulupirika ndi kufunsa mopanda mantha. Wokhoma osafunsa akadali mthangata, ndipo wofunsa osakhoma ndi mlendo wodzudzula ndiwo za eni ake. Pamaliro a kumudzi kwathu, mwambo ukatha, munthu wamkulu amaimirira n'kuwerenga pamaso pa onse zimene zasonkhedwa ndi m'mene zagwirira ntchito, ndipo palibe amene amakuyesa kunyoza anyakwawa. Makolo athu adasunga mwambo umenewu m'masiku amene boma silinkawawerengera kanthu. Ife amene boma lili m'manja mwathu tilibe chowiringula tikauleka.